Lupus: Pamene Chitetezo cha M'thupi Chaukira Mwini Wake

Kwathu kuno thupi likatentha, mutu n'kumawawa, mafupa n'kumaphwanya, palibe amene amafunsa kawiri. Ndi malungo basi. Munthu amapita ku kiliniki, amamubaya chala, kadontho ka magazi n'kuikidwa pa kachipangizo koyezera, ndipo pakapita mphindi 15 kapena 20 yankho latuluka. Ikaoneka mizere iwiri amalandira Coartem, pakutha pa masiku atatu wayambanso kugwira khasu. M'midzi ya m'boma la Rufunsa ku Zambia, kuchokera ku Chinyunyu kukafika ku Mpanshya ndi ku Shikabeta, njira imeneyi ngakhale mwana akuidziwa, ndipo kawirikawiri imakhala yolondola.

Vuto limayamba mzere ukatuluka umodzi wokha, kutanthauza kuti malungo mulibe, chonsecho thupi likutenthabe. Tiyerekeze mayi wa zaka 26. M'mwezi wa October zala zake zatupa, m'mawa zikukanika kupinda moti ngakhale kumanga chitenje akuvutika. Anzake amuuza kuti ndi nyamakazi, wagula Brufen pa kantemba, ululu wachepako. Mu January m'kamwa mwatuluka zilonda, tsitsi likutsalira m'chipeso, thupi latsika. Apa anthu ayamba kunong'onezana za kachilombo. Wayezetsa, wabwerezanso, alibe. Mu April m'chifuwa mukumubaya akakoka mpweya wambiri, wapereka makhololo, TB sinapezeke. Mu August wapita padera. Vuto lililonse analiona munthu wina, tsiku lina, n'kulilemba pa kadi lina. Achibale akakhala pansi amagwirizana chimodzi: "Zakuchipatala zakanika izi. Apa pali dzanja la munthu." Ulendo wotsatira ndi wa kwa sing'anga, kukatemedwa mphini.

Pa nkhani yonseyi wasowa munthu mmodzi woika mavutowa pamodzi n'kufunsa ngati gwero lake si limodzi. Pali matenda amene amabwera motere, chidutswachidutswa, atavala nkhope za matenda ena amene tinawazolowera. Dzina lake ndi lupus. Madokotala polemba amafupikitsa kuti SLE.

Asilikali osokonezeka

Maphunziro a za HIV anatisiyira mawu othandiza akuti asilikali a m'thupi. M'magazi muli maselo oyera amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Ena mwa maselo amenewa amapanga tizida ting'onoting'ono totchedwa ma antibody, timene timakamatirira pa kachilombo kuti asilikali ena akazindikire n'kukawononga. Nkhondoyo ikamachitika, malowo amatupa, amatentha, amawawa.

Kwa munthu wa HIV asilikali amachepa. Kwa munthu wa lupus alipo ndithu, koma asiya kusiyanitsa mlendo ndi mwini khomo. Tsiku lililonse maselo ambirimbiri a thupi lathu amafa n'kulowedwa m'malo ndi atsopano, ndipo thupi labwinobwino limachotsa zotsalira zake mwakachetechete. Mwa wodwala lupus zotsalirazo zimachedwa kuchotsedwa, asilikali n'kuziyesa mdani, n'kuyamba kupanga ma antibody olimbana ndi za m'kati mwa maselo a munthu yemweyo. Ma antibody akagwirana ndi zotsalira zija amapanga timibulu toyenda ndi magazi, ndipo pamene takatsakamira, kaya ndi pakhungu, m'mfundo za zala kapena m'timitsempha ta impso, pamabuka kutupa. Zili ngati moto umene timayatsa dala kuzungulira mudzi udzu ukangouma, kuti moto wa m'tchire ukadzabwera usapeze podutsa: ndi moto woteteza, koma mphepo ikatembenuka umakagwira nkhokwe yomwe umafuna kuiteteza. Ndipo popeza magazi amafika paliponse, matendawa angathe kuonekera pa chiwalo chilichonse. N'chifukwa chake odwala awiri a lupus akakumana, nkhani zawo sizifanana.

Kuti munthu adwale pamakumana zinthu ziwiri, chibadwa ndi choutsa. Ena amabadwa ndi chitetezo chosachedwa kusokonezeka, koma chibadwa chokha sichikwanira: pa mapasa ofanana ndendende, mmodzi akadwala, nthawi zambiri mnzakeyo sadwala. Zoutsa zodziwika ndi kuwala kwa dzuwa, mavairasi ena, kusuta fodya, fumbi la miyala limene amapuma ophwanya miyala ndi okumba golide, komanso mankhwala ena. Matendawa si opatsirana. Kudyera mbale imodzi, kufunda bulangete limodzi, ngakhale kukhala malo amodzi monga banja, sikungapatsire munthu lupus. Si khansa, ndipo si khate.

Amakonda kugwira ndani

Pa odwala 10 aliwonse, pafupifupi 9 ndi akazi, makamaka a zaka zapakati pa 15 ndi 45, nthawi imene mkazi amabereka. Mahomoni achikazi ali ndi gawo pa zimenezi. Amuna ndi ana amadwalanso, ndipo kwa iwo matendawa amakonda kubwera mwamphamvu.

Ku America ndi ku Britain akazi akuda amadwala lupus kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi azungu, amayamba ali aang'ono, ndiponso impso zawo zimakhudzidwa kwambiri. Chodabwitsa n'chakuti m'zaka za m'ma 1960 madokotala ena analemba kuti mu Africa mwenimweni matendawa ndi osowa. Zoona zake, chimene chinali chosowa ndi zipangizo zoyezera ndi anthu odziwa kufufuza. Zipatala zikuluzikulu zitayamba kulondola odwala, monga cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto, anapezeka ambiri, ndipo zinaoneka kuti chimene chimawapha kawirikawiri ndi kulephera kwa impso ndi matenda olowerera chitetezo chikafooka. Achinyamata ambiri anamva dzinali koyamba pamene woimba wa ku America, Selena Gomez, anaikidwa impso ina mu 2017 chifukwa cha lupus. Kuyambira 2004, tsiku la 10 May limakumbukiridwa padziko lonse monga tsiku la matendawa.

Zimene thupi limaonetsa

Mabuku ambiri a zachipatala amaonetsa chithunzi cha mzungu wokhala ndi zidzolo zofiira m'masaya onse awiri, zolumikizana pamphuno, zooneka ngati gulugufe wotambasula mapiko. Pakhungu lakuda kufiirako sikuoneka msanga. Malowo amangoderapo kuposa khungu lina, nthawi zina kutuwa, ndipo amakula munthu akakhala padzuwa. Pali mtundu winanso umene umatulutsa zigamba zozungulira zokhala ndi mamba kumaso, m'makutu ndi m'mutu. Zikapola zimasiya zipsera zoyera pakati, zakuda m'mbali, ndipo pamene zinali m'mutu tsitsi silimeranso. Mayi wotere amanenedwa kuti wapsa ndi mafuta oyeretsa khungu, pamene sanawakhudzepo. Mafutawo nawonso amasokoneza nkhani, chifukwa ambiri a iwo amakhala ndi mankhwala amphamvu amene amazimitsa zidzolo kwa kanthawi, matenda ali m'kati akupitirira.

Mfundo zimene zimawawa kwambiri ndi za zala, za pamkono ndi mawondo, mbali zonse ziwiri, ndipo zimauma m'mawa. Zilonda za m'kamwa zimakonda kutuluka kumwamba kwa m'kamwa, nthawi zambiri osawawa. M'nyengo yozizira ya June ndi July ena zala zawo zimayera kapena kuda bii akagwira madzi ozizira. Kubaya kwa m'chifuwa kumachokera ku kachikopa kokuta mapapo kapena mtima kakatupa. Magazi amachepa. Mwa ochepa matendawa amafika ku ubongo, munthu n'kuyamba kugwa ngati wakhunyu kapena kusokonezeka maganizo.

Koma funsani odwala eniake chimene chimawazunza kwambiri, ambiri adzakuuzani kuti ndi kutopa. Sikutopa kwa munthu amene wachokera kumunda, kumene kumatha akadya nsima n'kugona. Munthu amagona usiku wonse n'kudzuka manja ndi miyendo zikulemera, kusesa pabwalo pokha n'kufuna kukhala pansi. Kutopa kulibe chilonda choti n'kuonetsa anthu. Pamwamba pa izo matendawa amadzuka n'kugonanso: sabata ino munthu ali bwinobwino, sabata yamawa ali pamphasa. Apa ndi pamene pamayambira mikangano ya pakhomo. Apongozi amati, "Dzulo lomweli munali kutchalitchi mukuimba kwaya, lero mukuti simungathe kukatunga madzi?" Mawu akuti ulesi akangolowa m'banja, wodwala amayamba kudzikakamiza kuti asanenedwe, ndipo kudzikakamizako kumadzutsanso matenda.

Impso sizilira

Mfundo ikatupa imawawa, munthu n'kuthamangira chithandizo. Impso zimawonongeka mwakachetechete. Ntchito yake ndi kusefa magazi, kutaya zoipa mu mkodzo n'kusunga zofunika. Timibulu tija tikatsakamira m'timasefa ta impso, mapuloteni amene amayenera kukhala m'magazi amayamba kudontha n'kutuluka ndi mkodzo. Pafupifupi theka la odwala lupus amakumana ndi vuto limeneli, kawirikawiri m'zaka zoyambirira. Pamene munthu akuona mapazi atatupa, zikope zitatupa m'mawa, mkodzo ukuchita thovu losatha msanga, ndiye kuti zinayamba kale.

Chosangalatsa n'chakuti kuyeza kwake n'kosavuta ndiponso kotchipa. Namwino amaviika kapepala kakang'ono mu mkodzo, ndipo ngati muli mapuloteni kachigawo kachikasu kamasanduka kobiriwira. Ndi kapepala komwe kaja amayezera amayi oyembekezera kusikelo. Wodwala lupus ayenera kuyezetsa mkodzo ndi kuthamanga kwa magazi pa ulendo uliwonse wa kuchipatala, ngakhale akumva bwino, ndipo namwino akaiwala si mwano kukumbutsa. Vutoli likadziwika msanga, impso zimapulumuka. Zikalephera, chotsala ndi makina osefa magazi, monga amene ali ku University Teaching Hospital ku Lusaka, kumene munthu amayenera kupita kangapo sabata iliyonse. Kwa mlimi wa ku Shikabeta zimenezi zikutanthauza kusiya munda n'kusamukira m'tauni.

Apa tichenjezanenso za Brufen ndi diclofenac za pa kantemba zija. Zimachepetsadi ululu wa m'mfundo, koma kwa munthu amene impso zake zayamba kale kudwala zimaonjezera kuwonongeka. N'chimodzimodzinso zitsamba zowiritsa zimene palibe akudziwa mlingo wake, chifukwa zonse zimakathera ku impso zomwezo.

Mmene madokotala amadziwira

Palibe kuyeza kumodzi kumene kumanena kuti uyu ali ndi lupus monga mmene zimakhalira ndi malungo. Dokotala amaphatikiza nkhani ya wodwala, zimene akuona pathupi, ndi zotsatira za magazi ndi mkodzo. Kuyeza koyamba kwa matendawa kunatulukira mu 1948, pamene Malcolm Hargraves wa ku Mayo Clinic ku America anaona selo lachilendo mwa odwala lupus. Lero pali kuyeza kotchedwa ANA, kumene kumafufuza ma antibody olimbana ndi za m'kati mwa maselo. Pafupifupi odwala onse amapezeka nawo, koma amapezekanso mwa anthu ena athanzi, choncho pawokha si umboni. Dokotala amaonjezera kuyeza kwina, monga anti-dsDNA, kumene kumaloza lupus mwachindunji. Kuyeza kotereku kumachitika m'malabotale akuluakulu a ku Lusaka.

Pali msampha wina umene ungapasule banja. Magazi a odwala lupus ena amaonetsa ngati ali ndi chindoko pa kuyeza kotchedwa RPR, chonsecho alibe. Mayi akauzidwa zimenezi kusikelo, kunyumba kumakhala kulozana zala. Pali kuyeza kwachiwiri kotsimikizira, ndipo banja lisaweruzane kusanachitike.

Popeza dokotala amadalira kwambiri nkhani ya wodwala, chida champhamvu kwambiri chili m'manja mwa wodwalayo: kope wamba la kusukulu. Mulembemo tsiku limene mfundo zinatupa, thupi linatentha, tsitsi linathothoka, mankhwala amene munamwa, ndi mimba iliyonse imene inachoka. Zidzolo zikatuluka zijambuleni pa foni, chifukwa tsiku loonana ndi dokotala zimakhala zitazimirira. Makadi onse akale asungidwe m'pepala limodzi la pulasitiki. Dokotala amene ali ndi mzere wautali panja sangathe kufukula za chaka chathunthu m'mphindi zochepa, koma tsamba limodzi lolembedwa bwino amaliwerenga.

Mankhwala

Lupus sachizika kotheratu, koma amagonetsedwa. M'zaka za m'ma 1950 pafupifupi theka la odwala ankamwalira pasanathe zaka 5. Lero, kumene chithandizo chilipo, oposa 9 pa 10 aliwonse amapitirira zaka 10, ambiri akugwira ntchito ndi kulera ana.

Mankhwala oyambirira ndi m'bale wake wa mankhwala amene akuluakulu akuwakumbuka bwino chifukwa cha kuwawa kwake ndi kuyabwa kumene ankabweretsa: chloroquine. Malawi inasiya kuchizira malungo ndi chloroquine mu 1993, Zambia inatsatira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, chifukwa tizilombo ta malungo tinali titaizolowera. Koma madokotala anali ataona kalekale kuti mankhwala a malungo amathandizanso pa lupus. Mu 1894 dokotala wina ku London anachizira zidzolo za lupus ndi kwinini, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse asilikali ena omwa mankhwala opewera malungo anaona khungu ndi mfundo zawo zikupeza bwino. Amene akugwiritsidwa ntchito kwambiri lero ndi hydroxychloroquine, amene anatuluka mu 1955. Amachepetsa kudzuka kwa matenda ndipo amateteza impso. Amagwira ntchito pang'onopang'ono, pamapita miyezi iwiri kapena itatu munthu asanaone kusintha, ndipo ambiri amawasiya nthawi imeneyi poganiza kuti ndi opanda ntchito. Owamwa kwa zaka zambiri ayenera kuyezetsa maso, makamaka chaka chilichonse akapitirira zaka 5. Musaganize kuti akukutetezani ku malungo. Neti ikufunikabe, ndipo thupi likatentha chala chibayidwe ndithu.

Matenda akadzuka mwamphamvu dokotala amapereka prednisolone. Timapiritsi timeneti timagwira msanga moti masiku ochepa munthu wadzuka, akudya, masaya adzaza, anthu n'kumati wachira. Kudzaza kwa masayako ndi chotsatira cha mankhwalawo, ndipo akamwedwa ambiri kwa nthawi yaitali amabweretsa shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kufooka kwa mafupa. Cholinga cha dokotala ndi kutsitsa mlingo pang'onopang'ono. Choopsa ndi kusiya mwadzidzidzi. Thupi lili ndi homoni yake yofanana ndi prednisolone, ndipo likamalandira wa kunja kwa milungu ingapo limasiya kupanga yake. Mapiritsi akangoduka, munthu angathe kufooka, kusanza, ngakhale kukomoka.

Impso kapena ubongo zikakhudzidwa pamaonjezeredwa mankhwala ofooketsa chitetezo monga azathioprine, mycophenolate kapena cyclophosphamide. Mtengo wake ndi wakuti khomo limatsegukira matenda ena, ndipo kuno kwathu woyamba kulowa ndi TB. Kutsokomola kosatha, kutuluka thukuta usiku, kapena kutentha thupi kulikonse si zodikira kuti tione mawa. Wodwala azinenanso kuti ali ndi lupus asanalandire mankhwala ena alionse, chifukwa ena odziwika bwino, monga Septrin, amatha kudzutsa matendawa.

Dzuwa ndi khasu

Malangizo olembedwa kunja amati wodwala lupus apewe dzuwa. Kunena n'kosavuta kwa munthu wogwira ntchito mu ofesi. Ku Rufunsa chimanga ndi mtedza zimalimidwa padzuwa, makala amagulitsidwa padzuwa m'mbali mwa msewu wa Great East Road, ndipo kuchitsime kulibe denga. Khungu lakuda limachepetsa kupsa, koma silitchinga kuwala konse kumene kumapha maselo a pakhungu n'kuutsa asilikali. Mwa odwala ambiri, tsiku limodzi lopalira padzuwa limabweretsa zidzolo, kutentha thupi ndi kuwawa kwa mfundo patapita masiku angapo, moti munthu sagwirizanitsa n'komwe ziwirizi.

Chotheka ndi kusintha nthawi ndi zovala. Kumunda kulawiridwe kukangocha, pofika 10 koloko khasu liikidwe pansi, ntchito ina idikire 4 koloko madzulo. Masana ndi a ntchito za pamthunzi, kutongola chimanga, kusenda mtedza, kusoka. Duku limaphimba tsitsi koma limasiya nkhope, makutu ndi khosi pamtunda. Chofunika ndi chipewa chotambalala, malaya a manja aatali a nsalu yothithikana, ndi ambulera pa ulendo. Mitambo ya m'dzinja isakunamizeni, kuwalako kumadutsa. Mafuta oteteza ku dzuwa, omwe aja amadzola anzathu achialubino, amathandiza kwa amene angawapeze, makamaka olembedwa SPF 30 kapena kuposa. Zonsezi zimatheka pokhapokha mwamuna, apongozi ndi ana akuluakulu atamvetsa chifukwa chake, ndipo njira yachidule ndi yakuti mmodzi wa iwo alowe nawo m'chipinda cha dokotala akadzimvere yekha.

Pa zakudya palibe chozizwitsa chimene chimachiza lupus, kaya ogulitsa mabotolo anene zotani. Nsima, ndiwo zamasamba, nyemba ndi kapenta ndi zabwino. Chochepetsa ndi mchere, makamaka kwa amene impso zakhudzidwa kapena akumwa prednisolone. Fodya ndi wosiyiratu.

Mimba

Mkazi wa lupus angathe kubereka mwana wathanzi, koma mimba yake ndi yokonzekera pamodzi ndi dokotala. Nthawi yabwino ndi pamene matenda agona kwa miyezi 6. Mycophenolate, cyclophosphamide ndi methotrexate amavulaza mwana m'mimba, choncho amasinthidwa mimba isanayambe, pamene hydroxychloroquine amapitirizidwa mpaka pa kuyamwitsa. Akazi ena ali ndi ma antibody amene amaundanitsa magazi m'mitsempha ya nsengwa, ndipo ndi amene amapita padera mobwerezabwereza. Izi zili ndi kuyeza kwake ndi mankhwala ake, aspirin wa mlingo wochepa ndi jakisoni wa heparin. Kwa akazi omwewa mapiritsi olera okhala ndi estrogen ndi oopsa, choncho njira yolera isankhidwe namwino akudziwa za matendawa. Kubereka kukhale kuchipatala chachikulu chokhala ndi madokotala ndi chipinda cha opaleshoni.

Ulendo wa ku Lusaka

Boma la Rufunsa linakhazikitsidwa litapatulidwa ku Chongwe, ndipo chipatala chodziwika m'deralo ndi cha mishoni cha St Luke's ku Mpanshya, makilomita oposa 150 kuchokera ku Lusaka. Wodwala amene akuganiziridwa lupus amayamba ku kiliniki ya kwawo, kenako ku chipatala chotere, kumene amapatsidwa kalata yopita nayo ku University Teaching Hospital kapena ku chipatala cha Levy Mwanawasa. Ulendo wotere umadya ndalama ya basi, ya chakudya ndi ya pogona, choncho uyenera kubala zipatso. Nyamulani kope, makadi onse ndi mapaketi a mankhwala amene mukumwa. Musanatuluke m'chipinda cha dokotala pemphani kuti alembe dzina la matenda, mankhwala ndi mlingo wake, komanso kalata yobwerera nayo, kuti mkodzo, kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwa magazi ziziyezedwa kufupi ndi kwanu, ku Lusaka muzingopita pa masiku oikika.

Mankhwala asamathe m'nyumba. Mu 2020, pamene mphekesera inafala kuti hydroxychloroquine amachiza COVID-19, mankhwalawa anasowa m'maiko ambiri ndipo odwala lupus anavutika. Kumidzi yakutali ndi tala chosowetsa mankhwala chimabwera chaka chilichonse, ndicho mvula ikadula msewu, choncho pofika November pemphani okwanira miyezi ingapo. Ndipo pali zizindikiro zimene sizidikira tsiku lolembedwa pa kadi: kubanika, kutupa kwa nkhope ndi miyendo, mwendo umodzi kutupa n'kumawawa, mkodzo kuchepa kapena kufiira, kugwa khunyu, kuyankhula zosamveka, ndi kutentha thupi kwa munthu amene akumwa prednisolone. Zikaoneka izi wodwala apite kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo, ndipo womuperekeza anene pakhomo pomwe kuti ndi wa lupus ndi mankhwala amene akumwa.